Ku Tsakane anaba matabuleti, mafoni abodza anatsala m'matumba

Mu Januwale 2019, pa tsiku lotsegulira chaka cha maphunziro, akuluakulu a chigawo cha Gauteng anakhamukira ku Tsakane, lokeshoni yomwe ili kummwera kwa Brakpan, kukatsegulira sukulu ya pulayimale ya Menzi. Inadya ndalama zokwana R105 miliyoni, ndipo mkulu wa chigawochi pa nthawiyo, a David Makhura, anabwera limodzi ndi nduna yawo ya maphunziro, a Panyaza Lesufi. Patangotha masiku ochepa, mbava zinathyola usiku, n'kumanga alonda, n'kunyamula matabuleti 185, malaputopu 8 a aphunzitsi, makompyuta, mapulojekita ndi TV.

Nkhaniyi inamanga nthenje dziko lonse, ndipo m'pomveka. Boma la South Africa lakhala likuthira ndalama pa zipangizozi kwa nthawi yaitali. Ndondomeko yake ya 2004 inkafuna kuti pofika 2013 wophunzira aliyense akhale wodziwa kugwiritsa ntchito kompyuta. Mu Januwale 2015 a Lesufi anakhazikitsa makalasi opanda mapepala pa sekondale ya Boitumelong ku Tembisa, mu Ekurhuleni, momwe mulinso Tsakane, ndipo mu Febuluwale 2019 Pulezidenti Cyril Ramaphosa analonjeza kuti m'zaka 6 mwana aliyense adzakhala ndi mabuku ake pa tabuleti. Mu 2024 boma linasindikiza silabasi ya Coding and Robotics ya Giredi R mpaka 9.

Zonsezi zimawerengeka: zagulidwa zingati, zabedwa zingati. Chimene palibe amene akuwerenga ndi chakuti ana angati angathe kuona kanema pa WhatsApp n'kudzifunsa kuti wachokera kuti.

Amalawi okhala ku East Rand, dera lomwe kuli Tsakane ndi Brakpan, akudziwa kulemera kwa funso limeneli. Mu Seputembala 2019, zipolowe zothamangitsa obwera zitabuka ku Johannesburg ndi madera ozungulira, anthu mazanamazana, ena mwa iwo Amalawi, anakagona m'maholo a ku Katlehong. Chiwembu chinali chenicheni ndipo anthu anafadi. Koma m'mafoni munkayendanso zina. Kanema wina woonetsa nyumba yosanja ikuyaka, anthu akudumpha kuchokera pamwamba, anafalikira ngati wa ku Joni, chonsecho unali moto womwe unachitika mumzinda wa Surat ku India mu Meyi chaka chomwecho. Tangoganizani mayi ali ku Mangochi kapena ku Mzimba, mwana wake ali ku Brakpan, foni yake sikupezeka, ndiye alandire kanema woteroyo pakati pa usiku. Ndipo wotumiza nthawi zambiri sakhala mdani ayi. Amakhala mdzukulu wa pasukulu, amene pabanjapo amamutama kuti ndi katswiri wa foni.

Ukatswiri wotsegula ndi kutumiza ana amaphunzitsana okha. Kukayikira ndiye kumafuna mphunzitsi. Mu 2022 akatswiri awiri a zofalitsa nkhani, a Herman Wasserman ndi a Dani Madrid-Morales, anatulutsa kafukufuku wokhudza sukulu ndi mayunivesite a ku South Africa, mogwirizana ndi bungwe lofufuza zoona la Africa Check. Anapeza kuti palibe silabasi imodzi ya dziko lonse yophunzitsa ana kusanthula nkhani. Zidutswa zake zimapezeka apa ndi apo, monga m'phunziro la Life Orientation ndi m'maphunziro a zilankhulo, ndipo zambiri zimadalira chidwi cha mphunzitsi. Mabungwe ngati Media Monitoring Africa, omwe ali ndi pulogalamu ya achinyamata ya Web Rangers, akuyesetsa, koma sangafike kalasi iliyonse.

Chodabwitsa n'chakuti phunziroli silifuna nyumba ya mamiliyoni. Mphunzitsi angathe kutenga kanema mmodzi, n'kuimitsa chithunzi, kalasi yonse n'kuyamba kusuzumira. Zikwangwani za masitolo zalembedwa m'chilankhulo chanji? Nambala za galimoto zikutha ndi GP, monga zimakhalira ku Gauteng? Apolisi avala yunifolomu ya dziko liti? Akuti zachitika mu Julaye, nthawi yomwe ku Gauteng kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu, nanga bwanji anthu ali m'malaya opepuka? Akatero aike chithunzicho pa Google Lens kuti aone ngati chinatulukapo kale kwina. Foni imodzi ndi bandulo yochepa zikwanira.

Vuto lalikulu lili pansi pa zonsezi. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anasonyeza kuti ana 81 pa 100 alionse a Giredi 4 ku South Africa satha kuwerenga n'kumva tanthauzo m'chilankhulo chilichonse. Mwana wotere uthenga wolembedwa amaudumpha, n'kuthamangira kanema ndi mavoisi noti, komwe bodza limavuta kwambiri kulitsata. Mwana wa Mmalawi ku Tsakane ali ndi mtolo wowonjezera: kunyumba Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka, mumsewu Chizulu kapena Chisutu, mayeso m'Chingerezi, ndipo mauthenga amamufika m'zilankhulo zonsezi, ochokera m'magulu a WhatsApp a mayiko awiri.