Selotepi Yam'bini Yomwe Inabala Nyumba ya Nsanjika Zisanu

Kale, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mu labotale ina ya fizikisi pa University of Manchester ku England munali kabini komwe ankatayamo selotepi yothimbirira. Ofufuza ankamata selotepi pa graphite, mwala wakuda womwe uli m'kati mwa pensulo, kenako n'kumatula kuti pamwamba payere asanauunike pa makina. Selotepi yodetsedwayo inali zinyalala basi, moti panalibe woiyang'ana kawiri.

Pa nthawiyo Andre Geim, wobadwira ku Sochi ku Russia, anali atangofika kumene ku Manchester mu 2001, ndipo zida zapamwamba zinali zochepa. Chomwe anali nacho chochuluka chinali chidwi. Iye ndi anzake ankapatula madzulo a Lachisanu kuti aziyesa zinthu zomwe ena akanati n'zamasewera. Ndi Geim yemweyu amene ali ku Nijmegen anayandamitsa chule wamoyo m'malere ndi mphamvu ya maginito, mpaka kulandira mphoto yanthabwala ya Ig Nobel mu 2000. Ulendo uno ankafuna graphite yopyapyala koposa. Anapatsa wophunzira wake chidutswa kuti achipale, ndipo mnyamatayo anapala, napala, koma chotsala chinali kachibenthu kokhuthalabe kutalitali ndi zomwe ankafuna. Akatswiri ambiri nawo ankakhulupirira kuti chinthu chopyapyala ngati atomu imodzi sichingakhale pachokha, chingakwinyike kapena kuphwasuka.

Ndiye mnzawo wina, Oleg Shklyarevskii, anawakumbutsa za selotepi yam'bini ija. Ataiika pa maikulosikopu, anthu anangoti kakasi: tizibenthu tomwe tinakakamira pamenepo tinali topyapyala kuposa zomwe kupala konse kuja kunatulutsa! Tangoganizani Konstantin Novoselov, wofufuza mnzake wa Geim, ataweramira patebulo, kumata ndi kumatula, kumata ndi kumatula, kenako n'kulumikiza timawaya pa kachibenthu ndi penti ya siliva komanso kamtengo kotokosera m'mano. Magazini ya Nature inakana pepala lawo, koma mu Okutobala 2004 magazini ya Science inalisindikiza, ndipo dziko linadziwa graphene.

Chinthucho n'chodabwitsa ndithu. Ndi maatomu a kaboni oyalana mosanjikiza kamodzi kokha, olukana m'timabowo ta ngodya zisanu ndi imodzi ngati waya wa khola la nkhuku. Mu graphite yokhuthala milimita imodzi muli timapepala totere pafupifupi 3 miliyoni. Kuwala kumadutsa pafupifupi konse, chimangogwirako 2.3 peresenti yokha, ndipo magetsi ndi kutentha zimayendamo mosavuta. Mu 2008 akatswiri a umakaniko pa Columbia University ku New York, pamodzi ndi James Hone, anayala graphene pa timabowo n'kumaikanikiza ndi kansonga ka dayamondi mpaka itabooka, ndipo anapeza kuti kulimba kwake kumaposa chitsulo maulendo oposa 100. A komiti ya Nobel anawerengera kuti nsalu ya graphene ya mita imodzi mbali zonse ikhoza kunyamula mphaka wa makilogalamu 4, pomwe nsaluyo kulemera kwake sikufika ndi miligalamu imodzi yomwe. Mu 2010 Geim ndi Novoselov analandira mphoto ya Nobel, Novoselov ali ndi zaka 36 zokha, ndipo kachipangizo kawo kodulira selotepi kanapita kukasungidwa ku nyumba ya mbiri ya Nobel ku Stockholm.

Lero, munthu akafika pa Booth Street East ku Manchester, amakweza maso. Pamenepo paima National Graphene Institute, nyumba ya nsanjika zisanu yomwe inatsegulidwa mu 2015 itadya mapaundi 61 miliyoni. Kunja kwake anakuta ndi chitsulo chakuda chonyezimira, chobooledwa timabowo tambirimbiri tomwe timalemba masamu a graphene pakhoma lonse. M'kati muli zipinda zoyera mbee, pafupifupi masikweya mita 1,500, momwe fumbi ndi mdani, ndipo wolowamo amavala zophimba kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Pomwe kale kunali kamtengo kotokosera m'mano, lero kuli makina oona atomu imodziimodzi. Chomwe chimasangalatsa kwambiri ndi makoma akuda a m'makonde, omwe anawapanga dala kuti wofufuza akagwidwa ndi ganizo ali paulendo, angoima n'kulemba pomwepo. Padenga pali dimba la maluwa. Manchester yemweyu, yemwe kale ankadziwika ndi utsi wa mafakitale a thonje!

Sizinathere pomwepo. Mu 2018 anatsegula Graphene Engineering Innovation Centre ya mapaundi 60 miliyoni, kuti zofufuzidwa zizifika kwa amakampani, ndipo likulu la Henry Royce Institute, bungwe la dziko lonse la Britain lofufuza zipangizo zatsopano, lilinso pa yunivesite yomweyi. European Union nayo inakhazikitsa Graphene Flagship mu 2013, ntchito ya zaka 10 yomwe anaikonzera mayuro 1 biliyoni.

Apa m'pamene mtima umakondwera zedi, chifukwa ntchito yomwe inali ya anthu owerengeka madzulo a Lachisanu lero ikudyetsa khamu. Alipo ophunzira a PhD ochokera m'maiko osiyanasiyana, alipo ofufuza omwe angomaliza kumene, aphunzitsi, amisiri osamalira makina. Afizikisi anatsegula chitseko, koma olowa ndi ambiri: mainjiniya oyeza momwe chinthu chimapindikira ndi kuthyokera, akatswiri a kemisitiri, a zomangamanga, ngakhale a zamankhwala. Gulu la wofufuza Rahul Nair linaonetsa mu 2017 kuti sefa ya graphene oxide ikhoza kutchinga mchere wa m'madzi. Mu 2018 kampani ya inov-8 inatulutsa nsapato zothamangira za mphira wosakaniza ndi graphene. Mu 2021 anathira konkire ya graphene pansi pa nyumba yochitiramo masewera olimbitsa thupi ku Amesbury, yomwe inafuna simenti yocheperapo.

Ndipo mwala womwe zonsezi zinachokera ulinso pansi pa nthaka ya Malawi: ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe anapezako graphite yambiri, yomwe tsopano ikufunidwa m'mafakitale a mabatire ndi m'malabotale momwe.