Ulendo wa Pansi m'Mapiri a ku England

Kumpoto chakumadzulo kwa dziko la England kuli dera lamapiri lotchedwa Lake District. Dzinali limatanthauza dera la nyanja, pakuti pakati pa mapiriwo pali nyanja zambiri. Kalekale derali lidakutidwa ndi madzi oundana. Madziwo potsetsereka pang'onopang'ono adakumba zigwa zakuya, ndipo atasungunuka, zina mwa zigwazo zidasanduka nyanja. Nyanja yaikulu pa zonse ndi Windermere, yomwe m'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 18.

M'chaka cha 1951 boma lidalengeza kuti derali likhale malo otetezedwa. Komabe anthu amakhalamo, ndipo alimi amaŵeta nkhosa za mtundu wa Herdwick zomwe zimapirira chisanu. Mabusa ake ndi otchingidwa ndi mipanda ya miyala yosanjikizidwa mwaluso popanda dothi kapena simenti. Njira zambiri za anthu oyenda pansi zimadutsa m'mabusa omweŵa, ndipo lamulo limalola munthu aliyense kudutsamo.

M'derali ndimo muli Scafell Pike, phiri lalitali koposa onse m'dziko la England. Msinkhu wake ndi mamita 978. Poyerekeza ndi nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, yomwe ndi mamita 3,002, phirili ndi lalifupi ndithu. Koma munthu wolipeputsa amakaona zakuda, chifukwa nyengo ya kumeneko imasintha mwadzidzidzi.

Alendo ambiri amakwera phirili m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, nthaŵi yomwe kumeneko kumatentha. M'mwezi wa Juni dzuŵa limatuluka 5 koloko isanakwane, nkuloŵa 9 koloko ya usiku itadutsa. Motero munthu amakhala ndi nthaŵi yokwanira yoyenda mtunda wautali kukali koŵala.

Ena amayambira ulendo wao pa kamudzi ka Seathwaite, m'chigwa cha Borrowdale. Kuchokera apa kukafika pansonga ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 15, ndipo ulendowu umatha tsiku lathunthu. Kamudzika ndi kotchuka chifukwa cha mvula. Mphepo yochokera ku nyanja yamchere imabwera ndi chinyezi. Ikagunda mapiri imakwera m'mwamba, imazizira, ndipo chinyezi chija chimasanduka mitambo ndi mvula. Nchifukwa chake pa Seathwaite pamagwa mvula yoposa mamilimita 3,000 pachaka.

Mlendo wanzeru amakonzekera asananyamuke. Amavala nsapato zolimba ndipo amabereka chikwama kumsana. M'chikwamamo amaikamo jekete losaloŵa madzi, juzi, kamba, madzi akumwa, tochi, wezulo, mapu ndi kampasi. Juzi ndi yofunika ngakhale kutacha bwino, popeza munthu akamakwera phiri mphepo imanka nizizira. Asanachoke amauzanso munthu wina njira yomwe adzere ndi nthaŵi yomwe akuyembekeza kubwerako.

Njira imayamba ndi chitunda chofatsa, m'mbali mwa kamtsinje. Kenaka imafika pa kanyanja ka Styhead Tarn. Kupitirira apo udzu umayamba kuchepa, ndipo chakunsonga kuli miyala yokhayokha. Kumeneko njira siioneka bwino, choncho anthu adaunjika milu ya miyala yolozera kopita. Tsiku lopanda mitambo, munthu akafika pansonga amaona mapiri ambirimbiri ndiponso nyanja yamchere chakumadzulo.

Mdani wamkulu wa mlendo ndi nkhungu. Ikagwa, munthu satha kuona ngakhale mulu wa miyala wotsatira, ndipo akhoza kusokera nkukagwera kuphompho. Apa mpamene mapu ndi kampasi zimapulumutsa moyo. Mdani wina ndi chisanu. Zovala zikanyowa, mphepo nkumaomba, thupi limataya kutentha msanga. Munthu amayamba kunjenjemera, nzeru zimasokonezeka, ndipo akapanda kuthandizidwa akhoza kufa. Wogwa m'ngozi amaimba telefoni pa nambala ya 999, kapena amaliza wezulo kasanu ndi kamodzi, nkupumira mphindi imodzi, nkulizanso. Amene amabwera kudzathandiza ndi magulu a anthu ongodzipereka, osalandira malipiro.

Madzulo alendo ena amagona m'mahema. M'zigwa muli malo olipira, okhala ndi madzi ndi zimbudzi. Kumanga hema pamalo ena kumafuna chilolezo cha mwini malo, ngakhale kuti mwa chizoloŵezi anthu oŵerengeka amagona usiku umodzi pamwamba pa mapiri, kupitirira mpanda wotsiriza wa alimi. Hema amalimanga pouma ndi posaomba mphepo. Sasonkha moto wa nkhuni, koma amaphikira pa kasitovu ka gasi. Pogona amaloŵa m'chofunda chosokedwa ngati thumba.

M'maŵa mlendo amapasula hema ndi kutola zinyalala zonse, nkupita nazo. Podutsa m'mabusa amasiya zipata monga adazipezera, ndipo galu amamgwira pachingwe kuti asathamangitse nkhosa. Alendo akamalemekeza alimi chotere, mtendere umakhalapo, ndipo obwera m'mbuyo amapeza malowo ali okongola monga kale.

Mafunso

1. Kodi nyanja za ku Lake District zidapangika bwanji?
2. Nchifukwa chiyani pa Seathwaite pamagwa mvula yambiri?
3. Tchulani zinthu zisanu zimene mlendo amaika m'chikwama.
4. Kodi milu ya miyala ili ndi ntchito yanji?
5. Fotokozani zimene munthu wogwa m'ngozi amachita.
6. Pangani ziganizo ndi mau aŵa: kamba, nkhungu, phompho, busa.