Kaundula wa Maina pa Intaneti: Makina Akasanduka Mlembi

Kompyuta iliyonse yotumikira anthu pa intaneti ili ndi nambala yake. Koma popeza mutu wa munthu sungasunge manambala ochuluka chotero, pali kaundula wamkulu wotchedwa DNS, amene amalumikiza dzina lililonse ku nambala yake. Poyamba maina onse ankalembedwa m'fayilo imodzi yosungidwa ku Stanford Research Institute, ku California. Makompyuta atachuluka, Paul Mockapetris adakonza mu 1983 njira yogaŵa kaundulayu m'zigawo, kuti mwini dzina aliyense azisamala gawo lake.

M'gawo lililonse muli mizere. Mzere wa A umanena nambala ya kompyuta. Wa MX umasonyeza kumene makalata ayenera kufikira. Wa CNAME umapatsa malo amodzi dzina lachiŵiri. Mzere uliwonse ulinso ndi masekondi ake, otchedwa TTL, onena nthaŵi imene makompyuta ena angasunge yankho asanafunsenso.

Kale mizereyi inkasinthidwa ndi dzanja la munthu. Lero kampani yokhala ndi makasitomala zikwizikwi singadikire mlembi. Akatswiri amamanga mapulogalamu awo pa chimango chokonzedwa kale, monga Ruby on Rails cha mu 2004 kapena Django cha mu 2005. Wamalonda akalembetsa sitolo yake pa webusayiti, pulogalamuyo imatumiza pempho pamodzi ndi kiyi yachinsinsi kwa wosunga kaundula, monga Route 53 ya Amazon kapena Cloudflare, ndipo dzina latsopano limabadwa nthaŵi yomweyo.

Koma kuthamanga si kufika. Makina amene amalemba msanga amafufutanso msanga. Pa 20 Okutobala 2025, mapulogalamu aŵiri a Amazon osamala mizere ya DynamoDB, nkhokwe ya zolembedwa za makampani ambiri, adapingasana ku Northern Virginia. Imodzi idachedwa nilemba mizere yakale pamwamba pa yatsopano. Inzake, poyeretsa zakale, idafufuta yomweyo. Dzina lidatsala lopanda nambala. Makompyuta ake adalipo, koma njira yofikira kwa iwo idasoŵa, kotero kuti Snapchat ndi ntchito zina zambiri zidasokonekera kwa maola angapo, kufikira anthu atakonza ndi manja.

Tsono mmisiri wanzeru amamangira makina ake mpanda. Amapatsa pulogalamu kiyi yotsegula gawo limodzi lokha. Amailamula kuŵerenga mzere umene ulipo isanausinthe, ndi kukana lamulo losiya dzina lopanda nambala. Amafupikitsa TTL kusintha kwakukulu kusanachitike, kuti cholakwa chisakhalitse m'makompyuta a ena. Amasunganso mbiri ya kusintha kulikonse kuti athe kubwerera pamene adali.

Wachinyamata wofuna kuphunzira ntchitoyi adziŵe kuti kulamula makina kulemba dzina n'kwapafupi. Luso lenileni ndi kuwaphunzitsa nthaŵi yokana kufufuta.