Triumph Spitfire: ka motoka ka swaga kamene kamagwada pa kona

Ngati mumakonda tumamotoka twakudala topanda denga, muziba Triumph Spitfire. Inapangiwa ku Coventry, ku England, kuchokela 1962 mpaka 1980, ndipo thupi yake anaijambula ni Giovanni Michelotti wa ku Italy. Kuoneka kwake ni zee. Koma funsani bamene banaiyendesapo, bazakuuzani za wilo yakusogolo yamene imangogona pansi mwadzidzidzi.

Vuto ili pa kachisulo kochedwa trunnion. Chisulo chogwila wilo chili na ma thread pansi monga bauti, ndipo chimangena mu ka kapu ka brass. Mukapotoza steering, ma thread yaja ndiye yamazungulila mukati, uku yanyamula kulema kwa motoka. Pamafunika oilo ya giya, EP90. Manje benangu bamaikamo girisi, olo kuibalilatu. Girisi ikauma, manzi yangena, dzimbiri yayamba kudya, chisulo chimaduka pamene ma thread yayambila. Kambiri chimaduka motoka ikuyenda pang'ono-pang'ono, monga pochita park, chifukwa apo ndiye steering imalimba maningi. Mwayi chabe, chifukwa pa speed ingankhale nkhani ya malilo.

Kumbuyo nakonso kunali nkhani: ma Spitfire yoyamba, wilo inali kupindikila mukati pa kona yothamanga, mpaka Mk IV ya 1970 inabwela na spring yosinthiwa.

Muzakamba kuti, "Nanga ine nili na Corolla, vinikhuza bwanji?" Yanu ili na ball joint m'malo mwa trunnion, koma ma bauti ya suspension nayo yamavutika chimozimozi, makamaka na ma pothole ya mu komboni nthawi ya mvula. Yang'anani pa mutu wa bauti. Ngati palembewa 8.8, millimetre imozi ya square imapilila pafupifupi makilo 80 isanaduke. Ya 10.9 ifika pa 100, pamene ya 4.6 ni 40 chabe. Yonse yangangene pa hole imozi, maonekedwe chimozimozi. Ndiye chifukwa bauti ya pa geti olo ya pa bedi siyenela kupezeka pansi pa motoka, olo ba makanika bakambe kuti "izagwila, bosi."

Ndipo bauti zamene zingena mu ma rubber bush, ba makanika bazimange komaliza motoka itaima pa mawilo yake, osati ikali pa jeke. Mukamanga ili m'mwamba, rubber imapotoka motoka ikaseluka, ndipo siichedwa kung'ambika.