PHOKOSO LA MPHEPO M'VANETI

Palibe galimoto yogwira nchito zambiri m'Zambia ngati vaneti, imene ena aicha pikapu. Inyamula anchito ndi zipangizo ku migodi, cimanga ku minda, ndi katundu wa amalonda ku misika. Koma ikayenda zaka zingapo iyamba kudandaulitsa mwini wace ndi cinthu cimodzi: ikathamanga, m'cipinda ca woyendetsa, cimene amakanika acicha kebu, mumveka mluzu kapena mkokomo wa mphepo, kotero kuti anthu awiri okhala moyandikana alankhulana mopfuula. Ambiri athamangira kugula mphira watsopano wa zitseko zonse, ndalama nizitha, phokoso liri cikhalire. Munthu wanzeru ayamba wapeza pamene mphepo ipyola, ndipo pambuyo pace agula cimene cifunika.

Kumene phokoso licokera

Galimoto ikathamanga igawa mpweya monga bwato ligawa madzi. Mpweya umene wagunda galasi la kutsogolo upatukira ku denga ndi m'mbali, ndipo pokhota pa ngondya za galasilo uthamanga koposa. Mpweya wothamanga cotere ukokera citseko kunja. Mphamvu ya kukokako ikula msanga kuposa liwiro la galimoto: liwiro likacoka pa makilomita 50 pa ora kufika pa 100, mphamvuyo ikula kanai. Tsono nsonga ya pamwamba ya citseko ipatuka pang'ono, ndipo ngati mphira watopa, mpweya wa m'kebu uthawira kunja pa kampata kameneko uli kulira. Ici ndico cifukwa cace vaneti iri cete m'tauni, koma iyamba kuimba pa msewu wa pakati pa Ndola ndi Kitwe.

Vaneti idwala nthenda iyi msanga kuposa galimoto yaing'ono. Kebu yace ikhala pa cimango ca citsulo, ndipo cimangoco cipotoka pang'ono pa msewu wa maenje, makamaka katundu akacuruka. Zitseko zigwedezeka kufikira mahinjesi ace atha. Dzuwa la Okutobala liumitsa mphira, ndi pfumbi liupala ngati mcenga. Citseko ca woyendetsa ndico ciyamba kufooka, popeza citsegulidwa kawiri-kawiri kuposa zinzace.

Kuzindikira liu lace

Coyamba ndico kudziwa ngati phokosolo liri la mphepo ndithu. Phokoso la matayala lisintha galimoto ikacoka pa tala nilowa pa msewu wa dothi. La beringi ya gudumu likula kapena kucepa pokhota. La injini litsika woyendetsa akaponda kilachi. Koma la mphepo silisamala zimenezi. Litsata liwiro, ndipo lisintha mphepo ikaomba ca m'mbali kapena lole yaikuru ikapyola pafupi.

Phokoso la mphepo liri la mitundu inai. Mluzu woonda ucokera pa kaboo kakang'ono. Mkokomo wonga wa mtsinje ucokera pa mphira wa citseko kapena wa zenera umene sugwira bwino. Kulira konga kwa waya wa telefoni kucokera kunja, pa zitsulo zozungulira zomangidwa pa denga, pa eriyo, kapena pa ndodo ya mbendera imene magalimoto a m'migodi anyamula. Katswiri wina wa ku Bohemia, Vincenc Strouhal, anafufuza kulira kotere kwa mawaya m'caka ca 1878, napeza kuti liu likwera pamene mphepo ifulumira, ndiponso pamene waya ali woonda. Mtundu wacinai ndiwo kugunda konga kwa ng'oma kumene kupweteka m'makutu zenera limodzi lokha likatsegulidwa. Pamenepo kebu yasanduka ngati botolo limene mwana auzira pakamwa pace. Palibe caonongeka, kutsegula pang'ono zenera la mbali inayo kuthetsa zonse.

Njira zopezera mpata

Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Nchito iyi ifuna kudekha, ndipo zipangizo zace ziri m'nyumba iri yonse.

Poyamba munthu ayang'ane mapazi a pfumbi. Vaneti ikabwera ku msewu wa dothi lofiira, atsegule zitseko asanaitsuke. Pamene mphira agwira bwino, pfumbi lilekezera kunja kwa mphirayo. Pamene pali mpata, lisiya mzere wofiira woloza m'kati. M'dzinja madontho a mvula asonyeza malo omwewo.

Kaciwiri, atenge pepala la saizi ya ndalama ya kwacha, alitsekereze pa citseko, nalikoke. Likakana kuturuka, mphira ali bwino. Likasololoka mosabvuta, mpata uli pomwepo. Acite cotero kuzungulira citseko conse, makamaka pa ngondya ya pamwamba ya kutsogolo.

Kacitatu, apeze mnzace woyendetsa, iye nakhale pa mpando wa pambali ndi kapaipi ka pulasitiki, nsonga imodzi ku khutu, inayo ilikuyenda m'mphepete mwa magalasi ndi zitseko. Woyendetsa asacite yekha zimenezi, pakuti maso ace ayenera kukhala pa msewu.

Njira yoposa zonse ndiyo ya tepi wa pepala. Amate tepi kunja pa malo amodzi okha amene awakayikira, monga m'mphepete mwa galasi la kutsogolo kapena pa tsinde la galasi loonera m'mbuyo, ndipo ayendenso pa msewu womwewo pa liwiro lomwelo. Phokoso likatha, mbala yagwidwa. Likakhalapobe, acotse tepiyo namate malo ena. Womata malo atatu nthawi imodzi sadzadziwa kuti wolakwa ndani. Momwemonso zitsulo za pa denga zicotsedwe cimodzi-cimodzi.

Iriponso njira ya sopo. Galimoto iri ciimire panja, atseke mazenera onse, ayatse fani pa mphamvu yace yonse kuti ikoke mpweya wa kunja, ndipo apake thobvu la sopo kunja pa malumikizo. Pamene thobvu lifufuma, mpweya ulikuturuka.

Malo ena aiwalika kawiri-kawiri: kazenera kokankha ka kumbuyo kwa kebu, mphira wa nyale ya mabuleki ya pamwamba, ndi maboo amene anaboola polowetsa mawaya a wailesi kapena a nyale yozungulira ya ku mgodi. Vaneti yogulidwa ku kampani ikhoza kukhala ndi maboo otere angapo, zipangizozo zitacotsedwa kale.

Makonzedwe ace

Kawiri-kawiri mankhwala ace ali ochipa. Mphira wouma atsukidwe ndi madzi a sopo, nadzozedwe mafuta a silikoni. Oilo wa injini, girizi, kapena mafuta odzola ocokera ku petulo asayandikire, pakuti mphira wa zitseko za masiku ano atupa nafewa akakhudzana nao. Mphira amene wangocoka m'malo mwace abwezedwe ndi guluu wa nchitoyo. Amene waphwatalala akhoza kudzukanso mwa kulowetsa kapaipi kofewa m'mimba mwace. Wong'ambika yekha ndiye afuna kugula wina, ndipo ndi wa citseko cimodzi cokhaco.

Ngati mphira ali wabwino koma pepala lisololokabe, colakwa ciri pa citseko. Munthu acitsegule pang'ono nacinyamule ca ku nsonga; cikagwedera, mapini a mahinjesi atha ndipo afunika ena. Cikapanda kugwedera, kacitsulo ka pa mphuthu kamene loko agwira kasunthidwe kulowa m'kati milimita imodzi kapena awiri. Asanamasule mabauti alembe ndi pensulo pamene kanali, kuti akalakwa abwerere pomwepo. Maboo a mawaya atsekedwe ndi zitsekerero za mphira. Citsulo cozungulira ca pa denga cileka kulira cikakulungidwa ndi cingwe mopota-pota, monga cilambe cikulunga mtengo. Nzeru yomweyo iri pa eriyo zija zokulungidwa ndi kawaya.

Zinthu ziwiri munthu asazicite. Pa khoma la kumbuyo kwa kebu ya mavaneti ambiri pali timazenera tobisika ta mphira toturutsa mpweya. Tikaonongeka tisinthidwe, koma tisatsekedwe, cifukwa zitseko zidzabvuta kutseka ndipo magalasi adzacita nkhungu. Caciwiri ndico galasi la kutsogolo. M'magalimoto akale linali kukhala m'mphira, koma m'ambiri a lero limatidwa ndi guluu wolimba, ndipo lithandiza kucirikiza denga galimoto ikagubuduka. Likamatuka, kupakapo silikoni wa m'nyumba kungobisa bvutolo, dzimbiri lirikudya pansi pace. Nchito imeneyo iperekedwe kwa mmisiri wa magalasi.

Cifukwa cace nkosayenera kuzengereza

Wina adzati phokoso silipha munthu, nangokweza wailesi. Koma phokoso losalekeza litopetsa mutu, ndipo ulendo wa kucokera ku Lusaka kunka ku Cipata uposa makilomita 500. Munthu amene wakhala tsiku lonse pakati pa makina a mgodi afunika bata kuti makutu ace apume. Ndiponso mpata wopyola mphepo upyolanso mvula, imene ibisala pansi pa kapeti nidya citsulo.

Coopsya koposa ndico utsi. Kumbuyo kwa galimoto yothamanga mpweya uzungulira nubwerera, ndipo ukhoza kukokera utsi wa ekizozi m'kanopi, nuulowetsa m'kebu kupyolera pa kazenera ka kumbuyo. M'utsimo muli mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide, umene ulibe pfungo kapena maonekedwe. Zizindikiro zace ndizo mutu wopweteka, cizungulire ndi tulo. Woyendetsa akamva zotere aime pomwepo, aturutse anthu onse, makamaka ana okhala m'kanopi, ndipo ekizozi ndi mipata yonse ya kumbuyo ziyang'anidwe galimoto isanayendenso ulendo wina.