Chilatini chobisala m'kabuku ka kuchipatala

Tatsegulani kabuku kanu ka kuchipatala, kaja mumasunga m'jumbo kuopa mvula. Pakati pa zolemba zokhotakhota za adokotala mupezapo tizilembo monga "b.d.", "t.d.s." kapena "p.o." Ambirife timangoti n'Chingerezi cha anthu ophunzira, koma si Chingerezi ayi. N'Chilatini, chinenero cha Aroma akale.

Ka "b.d." n'kachidule ka "bis die", kutanthauza kawiri patsiku, monga timamwera LA wa malungo masiku atatu aja. Ka "t.d.s." kakuimira "ter die sumendum", kumwa katatu patsiku, pomwe "p.o." ndi "per os", kudzera pakamwa. Akalemba "nocte" akunena usiku. Akalemba "stat", kuchokera ku "statim", ndiye kuti mankhwalawo aperekedwe pompopompo.

Kwa zaka mazanamazana madokotala a ku Ulaya ankaphunzira ndi kulemba m'Chilatini. Andreas Vesalius anatulutsa buku lake la ziwalo za thupi m'chaka cha 1543 m'chinenerochi, ndipo William Harvey anachitanso chimodzimodzi mu 1628 pofotokoza mmene mtima umapopera magazi. Chingerezi chinangotola mawuwo n'kuwasunga.

Chondisangalatsa ine n'chakuti mawu ataliatali a kuchipatala amamangidwa ndi tizidutswa, ndipo zimenezi si zachilendo kwa ife. Aliyense amadziwa kuti kamwana ndi chimwana n'zosiyana, ngakhale tsinde lake ndi limodzi. Chilatini chimateronso. "Ante" ndiye kuti chinthu chisanachitike, "natus" ndi wobadwa, choncho "antenatal" ndi chisamaliro cha mayi mwana asanabadwe. Ife tinaona chida choyezera kulemera n'kungoti kusikelo. "Post" ndi pambuyo pake, ndiye "postnatal" ndi ulendo wobwerera kuchipatala mayi atachira, umene ndi wofunika ngati woyamba uja.

Pa nkhani ya jakisoni m'pamene tizidutswati timalemera kwambiri. "Intra" ndi mkati ndipo "vena" ndi mtsempha wa magazi, choncho "intravenous", kapena IV, ndi mankhwala olowa mumtsempha, monga diripi. "Intramuscular", kapena IM, ndi wobaya mumnofu, ngati jakisoni wakulera wa Depo. "Sub" ndi pansi pa chinthu, "cutis" ndi khungu, ndiye "subcutaneous" amangolowa pansi pa khungu, monga Sayana Press, wa kasingano kafupi kamene mayi wophunzitsidwa amatha kudzibaya yekha kunyumba. Njirazi sizisinthanitsidwa mwachisawawa. Mankhwala olowa mumtsempha amazungulira thupi nthawi yomweyo, pomwe a mumnofu amasungunukira m'magazi pang'onopang'ono.

Chenjerani ndi "ante" ndi "anti", amene amasiyana chilembo chimodzi chokha. "Anti" ndi Chigiriki, kutanthauza kulimbana ndi chinthu. Ndi amene ali kumayambiriro kwa "antiretroviral", dzina lonse la ma ARV. Pakatipo pali "retro", Chilatini cha chobwerera m'mbuyo, chifukwa kachilombo ka HIV kamakopera malangizo ake kuchoka ku RNA kupita ku DNA, mosemphana ndi mmene maselo athu amachitira. Kumapeto kuli "virus", mawu amene Aroma ankatchulira poizoni.

Komatu tsinde la mawu silinena zoona nthawi zonse. "Malaria" anachokera ku Chitaliyana, mwana wa Chilatini, ndipo "mala aria" ndi mpweya woipa, poti anthu ankakhulupirira kuti malungo amabwera ndi fungo la m'madambo. Alphonse Laveran anaona tizilombo take m'magazi mu 1880 ku Algeria, ndipo Ronald Ross anatipeza mwa udzudzu mu 1897 ku India. Dzina lolakwikalo linakhalabe mpaka lero.

Kudziwa tizidutswati sikusandutsa munthu dokotala, koma kumamuthandiza kuona ngati zimene zalembedwa pakapepala ka mankhwala zikugwirizana ndi za m'kabuku. Mukafika pawindo lolandirira mankhwala, musachite manyazi ndi mzere uli kumbuyo kwanu. Lozani kachilemboko ndi chala, mufunse kuti mumwa kangati patsiku komanso kwa masiku angati, ndipo musachokepo musanamve yankho m'Chichewa.