Kuphunzira Makina: Buku ndi Manja

Kodi munatsegulapo wailesi kapena foni yakufa? M'kati mwake muli tizidutswa takuda tating'ono. Timeneti timatchedwa chip, ndipo timapangidwa ndi silicon, chinthu chochokera ku mchenga. Mapanelo ambiri a sola, monga amene mumaona pa madenga ku Chisenga, m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, nawonso ndi a silicon.

Kampani yaikulu yopanga machip ndi TSMC ya ku Taiwan. Inayamba mu 1987. Makina ake ndi odula zedi. Ena amachokera ku Netherlands, ndipo amodzi okha amaposa madola 100 miliyoni. Antchito amavala zophimba thupi lonse, chifukwa kafumbi kamodzi kangathe kuononga chip.

Nanga wantchito watsopano amaphunzira bwanji makina otere? Samupatsa tsiku loyamba, ayi. Amaphunzira m'njira ziŵiri.

Poyamba amaŵerenga malangizo ndi kuonera zithunzi pa kompyuta. Amaloŵeza maina a zipangizo ndi malo angozi. Akalakwa apa, palibe chaonongeka. Angobwereza basi.

Kenaka amakaima pafupi ndi mmisiri wozoloŵera. Amaonerera, nayamba kugwira pang'ono pang'ono, mmisiri ali pomwepo. Mu 2021, TSMC itayamba kumanga fakitale ku Arizona, m'dziko la America, inatumiza antchito atsopano ku Taiwan kuti akaphunzire pa makina enieni.

Kwa inunso njira ndi yomweyi. Tinene kuti gulu lanu lagula pampu ya sola yothirira dimba. Ndalama munasonkha mutagulitsa chimanga ndi nyemba. Wina akasinthanitsa mawaya, chipangizo chingathe kupsa. Thukuta lanu lapita pachabe.

Tsono chitani izi:

1. Ŵerengani kabuku ka malangizo musanagwire kanthu. Ngati kali m'Chingerezi, pemphani alangizi akumasulireni.
2. Dziŵani zizindikiro + ndi –. Kaŵirikaŵiri waya wofiira ndi wa +, wakuda ndi wa –.
3. Mmisiri akabwera, onererani. Kenaka lumikizani nokha iye akuona.
4. Lembani m'kope zonse zimene wanena.

Kuŵerenga munaphunzira kale. Mbali yoyamba muli nayo. Yachiŵiri funsani kwa odziŵa, pakuti safunsa anadya phula.

Mafunso

1. Chifukwa chiyani antchito opanga machip amaphimba thupi lonse?
2. M'mudzi mwanu muli makina ati amene mungaphunzire m'njira ziŵirizi?